Mipikisano ya novella ya olemba amene sanasindikizepo buku: kodi ndingalowe nawo?

Mphunzitsi wa ku Ntcheu analemba kuti:

Moni kwa nonse. Ndine mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Ntcheu, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikulemba nthano imodzi m'makope, usiku ndikatha kuchonga ntchito za ana. Nthanoyi ikukamba za mayi wina amene anatengedwa chitengwa, ndipo mwamuna wake atamwalira akulimbana ndi alamu ake pa nkhani ya dimba limene awiriwo analilima limodzi kwa zaka zambiri. Zonse zikuchitika m'nyengo imodzi yokha, kuyambira pa kusosa mpaka pa kukolola.

Tchuthi chapitachi ndinaitayipa pa kompyuta ya pasukulu, ndipo makina atawerenga anapeza mawu 19,400 m'mitu 14. Mnzanga wophunzitsa Chingerezi anandiuza kuti nthano yotere yatalika kwambiri moti singalowe m'mipikisano ya nthano zazifupi, komanso yafupika kwambiri moti osindikiza mabuku akunja sangailandire ngati nthano yaitali. Anati nthano yapakatikati ngati imeneyi imatchedwa novella, ndipo kunja kuli mipikisano yake, ina mwa iyo ndi ya anthu okhawo amene sanasindikizepo buku.

Chimene chikundizunguza kwambiri n'chakuti sindikudziwa ngati ndili m'gulu la anthu amenewo. Buku ndilibe, koma zaka zapitazo nthano zanga zazifupi ziwiri zinatuluka m'nyuzipepala ya kumapeto kwa sabata, ndiponso chaka chatha ndinaika mitu inayi yoyambirira ya nthano yomwe ino pa Facebook kuti ndimve maganizo a anzanga. Pamwamba pa izi, nthanoyi ili m'Chichewa pamene mipikisano yonse imene ndaona ikufuna Chingerezi, ndipo yambiri ikulipiritsa ndalama yolowera m'madola. Kodi kulipiritsako si chizindikiro cha utambwali? Ndikupempha amene anadutsamo kale andiunikire ndisanawononge ndalama ya malipiro anga.

Mkonzi wopuma wa ku Limbe anayankha kuti:

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa musanatulutse kanthu m'thumba, pakuti safunsa anadya phula. Ndinagwira ntchito yokonza mabuku kwa zaka zambiri, ndipo ndayamba ndi funso lanu loyamba chifukwa ndi pamene olemba ambiri amagwera osadziwa.

Mawu a Chingerezi akuti unpublished amaloza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo malamulo a mpikisano uliwonse amanena chimene akuloza. Mipikisano ina imaloza munthu: imafuna wolemba amene sanatulutsepo buku. Ina imaloza zolembazo: wolemba atha kukhala ndi mabuku khumi, bola nthano imene watumizayo isanaonekepo kwina kulikonse. Chitsanzo cha mtundu woyamba ndi Paris Literary Prize, mpikisano umene sitolo ya mabuku ya Shakespeare and Company ya ku Paris inayambitsa pamodzi ndi bungwe la de Groot Foundation. Unali wa novella ya m'Chingerezi yolembedwa ndi munthu amene sanasindikizepo buku, ndipo wopambana ankalandira mayuro 10,000. Woyamba kupambana, mu 2011, anali Rosa Rankin-Gee, amene pambuyo pake anaitalikitsa nthano yakeyo n'kutuluka ngati buku lathunthu. Ndautchula ngati chitsanzo chabe, chifukwa patha zaka zambiri usakumveka ngakhale nkhani zake zikadali pa intaneti, ndipo munthu wosayang'ana chaka atha kutaya masabata akukonzekera mpikisano umene kulibe. Chitsanzo cha mtundu wachiwiri ndi mphoto ya novella ya Miami University Press ya ku Ohio, m'dziko la America, imene imayang'ana zolembazo, ndipo yopambana amaisindikiza kukhala buku.

Pa mtundu woyambawo, nthano zanu ziwiri za m'nyuzipepala kawirikawiri sizikuchotsani pa mndandanda, chifukwa chimene amawerengera ndi buku lokhala ndi dzina lanu pachikuto. Komabe muwerenge bwino, popeza ena amawerengera ngakhale kabuku kamene munthu anadzisindikizira yekha n'kumagulitsa kutchalitchi kapena kuntchito.

Vuto lenileni ndi mitu inayi ya pa Facebook. Eni mipikisano ambiri amaona kuti chilichonse chimene chinaikidwa poyera pa intaneti, pamene aliyense akanatha kuchiwerenga, chinasindikizidwa kale. Zifukwa zake ndi zomveka. Wosindikiza amene akupereka mphoto akugula mwayi wokhala woyamba kutulutsa nthanoyo, ndipo mwayi umenewo sugulitsidwa kawiri. Chachiwiri, oweruza amawerenga osadziwa mwini wake, choncho ngati chiganizo cha m'nthano yanu chingapezeke pa intaneti pamodzi ndi dzina lanu, chinsinsi chija chatha. Ena amalola ngati gawo lochepa lokha ndi limene linaoneka, ndipo ena salola ngakhale mutazifufuta. Musaganizire nokha. Alembereni imelo yaifupi yonena kuti mitu inayi mwa 14 inali pa tsamba lanu, m'Chichewa, kwa nthawi yakutiyakuti, ndipo yankho lawo mulisunge. Ndinaonapo munthu akulandidwa mphoto atailandira kale chifukwa cha zimene anabisa, ndipo manyazi ake anali oposa kungokanidwa pachiyambi.

Za kutalika musade nkhawa kwambiri. Malire amene anthu ambiri amatsatira ndi a Nebula ndi Hugo, mphoto zotchuka za nthano zopeka za sayansi, amene amati novella imayambira pa mawu 17,500 kulekeza pa 40,000. Si lamulo la dziko lonse, ndipo mpikisano uliwonse umaika malire ake: a Miami aja amafuna mawu 18,000 mpaka 40,000. Chimene sichisintha n'chakuti malirewo sakambirana. Nthano ikapitirira ndi mawu 200 okha imatayidwa ndi kalaliki isanafike n'komwe kwa woweruza. Chimodzimodzinso dzina: ngati anena kuti lisaoneke pa zolembazo, muyang'ane pamwamba pa tsamba lililonse, pa dzina la fayilo, komanso m'kati mwa nthano, chifukwa aphunzitsi ambiri amene ndinawakonzera ntchito ankakonda kulemba dzina lawo ndi la sukulu pansi pa mutu womaliza monga amachitira pa mayeso.

Naphiri wa ku Johannesburg anayankha kuti:

Ine ndiyankhapo pa za ndalama, chifukwa ndinapsapo. Kulipiritsa pakokha si umboni wa utambwali. Mipikisano yambiri ya novella imayendetsedwa ndi makampani aang'ono osindikiza mabuku kapena masukulu a ukachenjede, ndipo kuwerenga zolemba mazanamazana, chilichonse cha mawu oposa 20,000, ndi ntchito yofuna kulipira anthu. A Miami amene a Mkonzi atchula akhala akulipiritsa madola 25, ndipo mabuku a opambana alipo, munthu atha kuwagula n'kuwagwira m'manja.

Mpikisano umene ndinapsa nawo unali wina, ndipo sindiutchula. Ndinalipira, ndinatumiza, ndipo patatha miyezi iwiri ndinalandira imelo yondiyamikira kuti ndafika m'ndime yomaliza. Ndinaimbira foni amayi kumudzi usiku womwewo, moti anauza mpingo wonse. Patatha sabata kunabwera imelo ina yonena kuti gawo la nthano yanga lilowa m'buku la osankhidwa, koma kuti lilowe ndiyenera kuitanitsiratu mabuku asanu pa mtengo umene unaposa lendi yanga ya mwezi. Nditafunsa m'gulu lina la olemba ndinapeza anthu anayi amene analowa mpikisano womwewo, ndipo onse anayi anali atafika m'ndime yomaliza. Nditabwerera ku malamulo, amene poyamba ndinangowadutsa, ndinapeza ndime yonena kuti aliyense wolowa, wopambana ndi wolephera yemwe, wapereka chilolezo choti eni mpikisano agwiritse ntchito zolemba zake m'njira iliyonse kwa nthawi yonse. Chinali chikomekome cha mkuyu.

Kuyambira pamenepo ndimayamba ndafufuza opambana a zaka zam'mbuyo: mayina awo alipo, mabuku awo anatulukadi, ndipo akupezeka m'masitolo ena osati pa tsamba la eni mpikisano pokha? Woweruza watchulidwa dzina, ndipo ndi munthu wodziwika ndi ntchito yolemba? Ndimayerekezanso ndalama yolowera ndi mphoto, chifukwa mpikisano wolipiritsa madola 40 pamene mphoto yake ndi madola 200 ndi bizinesi ya eni ake. Tsamba la Writer Beware, limene limathandizidwa ndi bungwe la olemba lomwe limapereka mphoto ya Nebula, limalemba za mipikisano ndi osindikiza achinyengo, ndipo ndi bwino kusaka dzina la mpikisano pamenepo musanalipire. Mpikisano woona umangotenga ufulu pa nthano yopambana, ndiponso umanena bwinobwino ufulu wake ndi wotani.

Kwa inu amene muli ku Malawi pali vuto linanso. Mipikisano yambiri imalandira zolemba kudzera pa Submittable, tsamba la pa intaneti lotumizirapo zolemba, kapena pa tsamba lawo, ndipo kulipira kumafuna khadi la kubanki lotha kugula kunja. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola 25 ndi ndalama yoti mphunzitsi aiganizire kawiri, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja khadi litha kukana pa tsiku lotsekera lenilenilo. Musadikire tsiku lomaliza. Ngati wachibale wakunja akulipirirani, funsani kaye ngati dzina la wolipira liloledwa kusiyana ndi la wolemba. Mipikisano ina imasunga malo ochepa aulere a olemba osowa, ndipo ngakhale pamene sanalengeze, palibe cholakwa kupempha mwaulemu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Womasulira wa ku Lilongwe anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi onse awiri, koma ndikuona kuti nkhani ya chinenero yadutsidwa mofulumira, pamene kwa ine ndiyo yaikulu.

Poyamba, mawu 19,400 a Chichewa si mawu 19,400 a Chingerezi. Chichewa chimamanga zambiri m'mawu amodzi. Mayi wa m'nthano yanu akanena kuti "sindikanamuuzanso", makina amawerenga liwu limodzi, pamene m'Chingerezi pafunika mawu asanu ndi awiri kuti zomwezo zimveke. Pa nthano zimene ndamasulirapo, zodzaza ndi zochitika ndi zoyankhulana, Chingerezi chake chimatuluka ndi mawu ambiri kuposa Chichewa nthawi zonse. Choncho nthano yanu ikamasuliridwa idzakhala m'katikati mwa malire a novella, osati m'mphepete monga ikuonekera panopa, ndipo musayesere kuwonjezamo zochitika pofuna kuikulitsa.

Chachiwiri, si mpikisano uliwonse umalandira zomasuliridwa. Ina imanena kuti nthano ikhale yolembedwa m'Chingerezi kuchokera pachiyambi, ina imalola ngati womasulira ndi mwini wake yemweyo, ndipo masiku ano yambiri ikukana zolemba zimene zadutsa m'makina omasulira kapena olemba okha. Funso limeneli muliphatikize mu imelo imene a Mkonzi akulangizani, chifukwa mwina kukhala kwa mitu inayi ija m'Chichewa kungakupulumutseni: Chingerezi chake sichinaonekepo kwina kulikonse. Koma zimenezo anene ndi iwo.

Mukasankha kumasulira nokha, langizo langa ndi lakuti muwerenge mutu wonse, mutseke kope, ndipo muulembenso m'Chingerezi ngati mukufotokozera mlendo amene sanafikepo ku Ntcheu. Mukamatsata chiganizo ndi chiganizo, Chingerezi chimatuluka chopunduka. Mudzakumana ndi mawu amene sasamuka. Mtima wa nthano yanu uli pa chitengwa, pa alamu, mwinanso pa mwambo wa kusudzula, ndipo wowerenga wa Chichewa akangomva kuti mayiyu anatengedwa chitengwa wadziwa kale kuti dimbalo lili pa nthaka ya eni ake ndipo iye ndi wobwera. Woweruza wa ku Ohio sadziwa zimenezo. Mukamufotokozera m'ndime yaitali, nthano imasanduka phunziro la chikhalidwe. Mukapanda kumufotokozera, sakumva chimene mayiyu akuopa. Njira imene ine ndimaona kuti imagwira ndiyo kuika mfundoyo m'kamwa mwa mtengambali pa nthawi ya mkangano, monga mlamu kunena kuti "munabwera ndi dengu lokha pano", kuti mlendo amve kulemera kwake popanda wolemba kuima n'kumaphunzitsa.

Koma ndinene maganizo anga enieni, ngakhale ena sagwirizana nawo. Mnzanu uja anati nthano yanu yafupika kwambiri, koma anayeza ndi muyeso wa mabuku a Chingerezi. Tengani nthano zazitali za Chichewa zimene mumaphunzitsa m'kalasi, muone kuchepa kwa masamba ake: zambiri mwa izo zikanatchedwa novella zikanakhala m'Chingerezi. Msinkhu umenewu ndi wathu kuyambira kale, ndipo ngakhale mpikisano si wachilendo kwa ife. Samuel Josiah Ntara, mphunzitsi ngati inu nomwe wa ku Mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo m'chinenero chathu, nalandira mphoto pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures wa ku London. Bukulo linatuluka mu 1933, ndipo Chingerezi chake, chomasuliridwa ndi Thomas Cullen Young, chinatsatira mu 1934. Chinenero chathu chinatsogola, Chingerezi n'kubwera pambuyo. Anzathu a Chiswahili ali ndi mphoto imene Mukoma wa Ngugi ndi Lizzy Attree anayambitsa mu 2014, yolandira zolemba zosasindikizidwa za m'chinenero chawo, ndipo zimandiwawa kuti wolemba wa Chichewa ayenera kuvula nthano yake chinenero asanapeze woiwerenga. Masulirani ngati mukufuna mphoto yakunja, koma ya Chichewayo muipititsenso kwa osindikiza a kuno, ndipo muzitchera khutu ku zimene bungwe la Malawi Writers Union limalengeza.

Wophunzira wa ku Zomba anayankha kuti:

Ndikupempha kuwonjezapo pang'ono, ngakhale ndine wamng'ono pakati pa akuluakulu. Aphunzitsi, musanaike ndalama pa novella, mutha kuyesa Chingerezi chanu pa mpikisano waulere. Commonwealth Short Story Prize imalandira nthano zosasindikizidwa za mawu 2,000 mpaka 5,000, nthawi zambiri kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 1 Novembala, ndipo imalola zomasuliridwa m'Chingerezi kuchokera m'chinenero chilichonse. Wopambana m'chigawo cha Africa amalandira mapaundi 2,500, ndipo wopambana onse amalandira 5,000. Musadule chidutswa cha novella yanu n'kutumiza kumeneko, chifukwa chikasankhidwa chidzasindikizidwa ndipo mudzabwerera ku vuto lomwe lija la Facebook. Lembani ina yatsopano. Caine Prize, imene Stanley Onjezani Kenani anafika nayo m'ndime yomaliza mu 2008 ndi mu 2012, musaiwerengere panopa, chifukwa imafuna nthano yosindikizidwa kale ndipo amatumiza ndi osindikiza, osati wolemba.

Ndikusiyana pang'ono ndi a Womasulira pa mfundo imodzi. Osindikiza a kuno amayang'ana kwambiri mabuku amene angalowe pa silabasi, chifukwa ndiwo amagulidwa, ndipo nthano ya munthu wosadziwika itha kugona m'kabati zaka. Mpikisano uli ndi ubwino umodzi umene iwo alibe, ndiwo tsiku lodziwika limene munthu amamva yankho.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu anabweranso nati:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Usiku wathawu ndinabwerera pa Facebook ndipo ndapeza kuti mitu inayi ija ili ndi mawu pafupifupi 5,200, ndiye kuti kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a nthano yonse, ndipo anthu awiri anaigawanso pa masamba awo. Ndaibisa kuti ndiziiona ndekha, koma sindinaifufute, kuti ndikhale ndi masiku enieni oika mu imelo ija. Ndayesanso njira ya a Womasulira pa mutu wachisanu, umene m'Chichewa uli ndi mawu 1,350, ndipo Chingerezi chake chafika pa 1,800. Chiganizo cha dengu chija ndachikonda, koma sindichitenga, ndipeza changa.

Ndatsala ndi mafunso awiri kwa a Mkonzi. Kodi ndingatumize nthano yomweyo ku mipikisano iwiri nthawi imodzi, poti kudikira yankho kumatenga miyezi? Nanga ndiyambe ndalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, kuti wina asandibere?

Mkonzi wopuma wa ku Limbe anayankha kuti:

Pa funso loyamba, malamulo ndiwo anena. Mipikisano yambiri ya ku America imalola kutumiza kwinanso nthawi yomweyo, bola muwadziwitse msanga ndi kuchotsa nthano yanu ikalandiridwa kwina, ndipo ndalama yolowera sabweza. Ina imakana. Pamene sananene kanthu, funsani mu imelo yomweyo.

Pa za umwini, nthanoyo ndi yanu mwalamulo kuyambira pamene munailemba, popanda kulembetsa kulikonse. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza zimenezo kuno kwathu, ndipo popeza dziko la Malawi lili m'pangano la Berne, chitetezocho chimafika ku maiko ena a m'panganolo. Kulembetsa ku COSOMA n'kothandiza ngati umboni komanso pa nkhani ya malipiro buku likadzatuluka, koma si chinthu choti chikuchedwetseni kutumiza. Makope anu olemba pamanja aja, okhala ndi zofufutafufuta, ndi umboni wamphamvu, ndipo muwasunge pouma.

Chimene ndikufuna muchiyang'anitsitse ndi mgwirizano umene mungapatsidwe mukapambana, chifukwa inu muli ndi nthano imodzi m'zinenero ziwiri. Mapangano ambiri amapatsa wosindikiza ufulu pa zinenero zonse ndi maiko onse, ndipo mukasaina zotero, mudzafunika chilolezo cha kampani ya kutsidya kwa nyanja kuti mutulutse Chichewa chanu chomwe ku Blantyre. Pemphani kuti alembemo kuti akutenga Chingerezi chokha, ndipo ufulu wa Chichewa utsale ndi inu. Kampani yaing'ono ya ku America ilibe chochita ndi buku la Chichewa, choncho sindikuona chifukwa choti ikane, koma ziyenera kulembedwa musanasaine. Mukalandira yankho la imelo ija mutiuze zimene anena za mitu inayi, chifukwa mawu 5,200 ndi ochuluka kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo mwina mudzafunika kusankha mpikisano woyang'ana munthu m'malo mwa woyang'ana zolemba.